Kujambula anthu mmene alili: mmene mungaphunzirire kugwira kamera ya documentary

Ulendo wanga woyamba kujambula munthu ali pa ntchito yake ndinakhala tsiku lonse mu shedi ya kalipentala wina wachikulire, ndikungozungulira ngati ntchentche, apa ndajambula sowo, apo misomali, kenako nkhope, kenako ndathamangira panja kuti nditenge denga. Madzulo nditatsegula pa kompyuta ndinapeza tizidutswa tambirimbiri koma kopitirira masekondi asanu kunalibe ndi kamodzi komwe, ndipo panalibe ntchito ndi imodzi yomwe yoti munthu nkuiona ikuyamba mpaka kutha. Chomwe chimandiwawabe mpaka lero nchakuti nthawi ina nditangozimitsa kuti ndione ngati zatuluka bwino, mkulu uja anasiya kupala, nkusisita thabwa ndi chikhatho, nkunena chapansipansi kuti bambo ake ankazindikira thabwa lopindika pongoligwira ngakhale mumdima. Ndinayatsa kamera mwaphuma.

"Bambo pepani, mungabwerezeko zomwe mwanenazi?"

Anandiyang'ana nkuseka. "Ndanena chani kodi mwana wanga?"

Anabwereza ndithu poti ndi munthu waulemu, koma zinatuluka ngati mwana wasukulu akulakatula zoloweza, maso ali pa lenzi, manja ali mmbali.

Nde nkhani yonse yagona pamenepo. Mu filimu ya sewero wojambula amadziwiratu kuti wosewera alowera khomo liti ndipo akaima pati, zikalakwika amabwereza ngakhale ka 10. Mu documentary, makamaka iyi ya ethnography yomwe cholinga chake nkuonetsa mmene anthu amakhalira, mmene amagwirira ntchito, kupembedzera, kukangana, kulera ana, chinthu chimachitika kamodzi basi. Luso lake ndi kupezeka pamalo oyenera kamera ili yoyaka kale, kenako nkupirira osaizimitsa. Za mabatani zija timaphunzira nkuti manja azidzigwirira okha, mutu ndi makutu zikhale pa anthu.

Tithane nawo kaye mabataniwo

Kamera yoyambira ndi yomwe muli nayo mmanjayo. Ngati ndi foni, ikani app yokulolani kusintha nokha kuwala, monga Blackmagic Camera yomwe ndi yaulere. Chachikulu nchakuti muchoke pa auto. Auto imasintha maganizo pakati pa shoti, munthu wovala malaya oyera akangodutsa chithunzi chonse chimada kenako nkuweranso, ndipo zimenezo simungazikonze bwino poedita.

Choyamba sankhani mafulemu angati pa sekondi, kutanthauza kuchuluka kwa zithunzi zomwe kamera imatola pa sekondi iliyonse. Kumaiko komwe magetsi amayenda pa 50 Hz, monga ku Africa ndi ku Europe, ikani 25, ndipo shata, yomwe ndi nthawi imene kamera imalola kuwala kulowa pa fulemu iliyonse, ikhale 1/50 ya sekondi. Komwe magetsi ndi 60 Hz ngati ku United States amagwiritsa 30 kapena 24, shata 1/60 kapena 1/48. Lamulo lake ndi losavuta, nambala ya shata ikhale kawiri ya mafulemu. Mukaisemphanitsa ndi magetsi a mmalomo muona mizere ikuyenda pa sikirini kapena babu ikuphethira, ndipo mukaikweza kwambiri mpaka 1/1000 pofuna kuchepetsa dzuwa manja a munthu amayenda modukizaduka ngati chidole. Shata mukaika muisiye choncho, si yoseweretsa.

Kenako pali aperture, kabowo kolowetsa kuwala mu lenzi. Manambala ake amayenda f/2.8, f/4, f/5.6, f/8, f/11, ndipo sitepe iliyonse ikudula kuwala ndi theka. Nambala yaing'ono ndi bowo lalikulu, kuwala kwambiri, koma fokasi imakhala pa kamalo kochepa, kumbuyo konse mbuu. Ambiri oyamba kumene amapenga nazo zimenezi, amati zikuoneka ngati za mu sinema. Ine pa ntchito iyi sindigwirizana nazo. Kumbuyo kwa munthu ndi komwe kuli theka la nkhani, zomwe wapachika pakhoma, mwana yemwe akusuzumira pakhomo, mnzake yemwe akupukusa mutu posagwirizana ndi zomwe zikunenedwa. Mukazifufuta zonsezo mwatsala ndi nkhope yokongola yoyandama yopanda kwawo. Komanso pa f/1.8 munthu akangoweramira kutsogolo pang'ono fokasi yathawa. Masana khalani pakati pa f/4 ndi f/8.

Dzuwa likachuluka mankhwala ake ndi fyuluta ya ND, ili ngati magalasi akuda ovekera lenzi. Kukada ndiye mumatsegula aperture kaye, kenako nkukweza ISO, nambala yomwe mukaikweza chithunzi chimawala. ISO ikakwera chithunzi chimadzaza timadontho ngati mchenga, koma bola mchenga kusiyana nkuyatsa getsi lamphamvu pakati pa anthu omwe amacheza mwakachetechete usiku, chifukwa mukangoyatsa onse amatembenuka nkukhala anthu ena, chomwe munabwerera chatha. White balance, youza kamera mtundu wa kuwala kuti choyera chituluke choyera, nayo muziika nokha, 5600K panja masana, 3200K pa mababu achikasu aja, apo ayi lozani pepala loyera pamalo omwe mukujambulirawo kamera iwerengere pompo.

Pali chimodzi chomwe ndikufuna ndichedwepo, khungu lakuda. Mita yoyezera kuwala ya mu kamera simadziwa kuti mukufuna nkhope, iyo imangophatikiza zonse zomwe zili mu fulemu nkuyesetsa kuti zikhale zotuwa pakatikati. Nde mukaimika munthu wakuda kutsogolo kwa khoma loyera, kapena thambo lowala, kapena windo, kamera imachepetsa kuwala pofuna kupulumutsa khomalo, nkhope nkusanduka mthunzi maso osaoneka. Yezerani kuwala pa nkhope, thambo likapsa lipse. Koma njira yabwino kuposa ndi kusuntha inuyo, osati munthuyo ayi, inuyo, zungulirani mpaka kumbuyo kwake kukhale mtengo, khoma lakuda, mkati mwa nyumba. Windo ikhale kumbali kwake kapena kumbuyo kwanu. Khungu lakuda limaoneka bwino kwambiri ndi kuwala kofewa kochokera mmbali, ngati komwe kumakhala pakhomo kapena pansi pa khonde, kumajambula masaya ndi mphumi bwinobwino. Dzuwa la pamutu la masana limakumba maenje akuda mmaso mwa aliyense. Yatsaninso zebra, timizere timene timakuonetsani malo omwe kuwala kwapyola muyeso, muzidziwa chomwe mukutaya.

Izi zonse ziyeserereni kunyumba mpaka zala zizipeza batani osayang'ana. Lowani mnyumba kuchokera panja kamera ikujambula, sinthani kuwala mukuyenda, tulukaninso. Kambirimbiri. Nzotopetsa koma tsiku lomwe mudzatsatire munthu kuchokera pabwalo kulowa kuchipinda mudzandikumbuka.

Zumu yanu ndi miyendo

Munthu wamanyazi amakonda zumu. Amaima patali nkumakoka nkhope za anthu, ndipo chithunzicho chimachita kuoneka kuti nchobedwa, ngati wina akusuzumira pa mpanda. Kuonjeza apo lenzi yaitali imakulitsa kunjenjemera kulikonse kwa manja, ndipo maiki yanu imakhala kutali ndi pakamwa. Ikani lenzi yotambasuka, chapakati pa 24mm ndi 35mm pa kamera ya full frame, pa foni ndi kamera yaikulu ija ya 1x, nkuyandikira mita imodzi kapena awiri. Pamenepo anthu akudziwa kuti mulipo, avomera, ndipo woonera amamva ngati wakhala nawo pa mkeka womwewo.

Jean Rouch, Mfalansa yemwe anajambula zaka zambiri ku Niger ndi ku Ghana, anataya tripod yake, choimikapo kamera cha miyendo itatu chija, pa ulendo wa pabwato wotsika mtsinje wa Niger mu 1946 ndi 1947, nde anakakamizika kujambula pamanja, ndipo mmenemo ndi momwe anapezera kajambulidwe kake koyenda pakati pa anthu. Kamera yake ya Bell & Howell inali yopukusa ngati wotchi yakale, ikajambula masekondi 25 kapena chapompo imaima. Nthawi yopukusayo iye ankaganiza kuti kenako akaime pati. Ife lero khadi imajambula maola, vuto lathu ndi losiyana, kujambula osaganiza nkomwe.

Mkangano wa tripod ndi wakale. Margaret Mead ndi Gregory Bateson, ofufuza za chikhalidwe cha anthu, anajambula limodzi ku Bali kuyambira 1936, koma pofika 1976 anali akutsutsanabe, mayiyo akuti kamera iime pamalo amodzi ijambule nthawi yaitali kuti ofufuza ena adzathe kuona zonse, bamboyo akuti kamera yoimikidwa ndi yakufa, wojambula ayenera kutsata chomwe chili chofunika panthawiyo. Ine ndimati phunzirani zonse ziwiri koma yambani ndi pamanja. Tripod ndi yabwino pa kucheza kwa nthawi yaitali, pa malo, pa mwambo woti anthu sakusuntha. Koma anthu akangonyamuka inu muli kalikiliki kumasula miyendo itatu.

Kagwiridwe kake: zigongono zigunde nthiti, mawondo opinda pang'ono, mapazi otalikirana, mpweya uzituluka pang'onopang'ono. Lamba wa kamera mumukoke alimbe pakhosi, amachepetsa kugwedera. Poyenda pondani chidendene kaye kenako zala, masitepe aafupi. Pali khoma tsamirani, pali tebulo ikanipo zigongono. Munthu akakhala pansi nanunso khalani pansi, lenzi ikhale pa msinkhu wa maso ake, chifukwa kujambula munthu muli chiimire iye ali pansi kumamuchepetsa, ndipo ana ndi amayi ogwira ntchito chowerama ndi omwe amavutika nazo kwambiri zimenezi. Diso linalo musatseke, liziona zomwe zikubwera kunja kwa fulemu.

Kugwira shoti

Apa ndi pomwe pali ntchito yeniyeni. Shoti iliyonse, ngakhale ya chitseko chabe, isachepere masekondi 10 kamera ili phee. Ndipo mukaona ngati chochitika chatha, werengani mumtima mpaka 10 musanazimitse. Anthu amanena zenizeni pambuyo pa zomwe amaganiza kuti ndiye yankho, amapuma, nkuyang'ana pansi, kenako nkutulutsa chomwe chinali pamtima. Bata lija limakuyabwani inuyo wojambula, mumafuna kulidzaza ndi funso lina, limbani mtima musatero.

Poyamba penipeni onererani ntchitoyo osajambula. Ntchito zambiri za manja zimabwerezeka, wosoka ukonde amaponya chingwe kambirimbiri, woumba amazungulira mbiya kangapo, nde simufunika kuuza munthu kuti abwereze, mumangodikira ulendo wotsatira muli pa ngodya ina. Michael Rosenblum, yemwe waphunzitsa atolankhani ambiri a vidiyo, amaphunzitsa mashoti asanu: manja pafupi, nkhope pafupi, shoti yotambasuka yoonetsa malo, ya pamwamba pa phewa kuti tione chomwe iye akuona, ndi ina ya mbali yachilendo. Ndi ndodo yabwino yoyambira kuyenda, imakupatsani zolumikizira poedita. Koma musaipembedze. Ikakulowererani kwambiri mumayamba kuona munthu ngati zidutswa zisanu, pomwe mu ethnography nthawi zambiri chamtengo wapatali ndi shoti imodzi yaitali yosadula yomwe manja, nkhope ndi anthu ozungulira zili pamodzi, woonera nkudzionera yekha kuti ntchitoyi imatenga nthawi yaitali bwanji ndipo ndani akuthandiza ndani.

Anthu awiri akamacheza, yerekezani kuti pali chingwe chochokera kwa wina kupita kwa mnzake. Khalani mbali imodzi ya chingwecho. Mukadumphira mbali inayo nkudzalumikiza, onse awiri adzaoneka ngati akuyang'ana kumodzi, ngati sakuyankhulana. Mukafuna kuoloka olokani kamera ikujambula kuti woonera aoloke nanu.

Ndipo musamathamangitse mawu. Oyamba kumene amatembenuzira kamera kwa aliyense yemwe watsegula pakamwa, uku ndi uku ngati akuonera mpira, mapeto ake amafika mochedwa paliponse. Mawu maiki ikuwatola kale. Nthawi zina nkhani ili pa nkhope ya womvera, mkazi yemwe akumva mwamuna wake akufotokoza zinthu mosiyana ndi mmene iye akuzikumbukira, kamwa lili chete koma nsidze zikuyankha. Khalani pa iyeyo. Mukasuntha kamera pakhale chifukwa, wina waloza, wina walowa, chinthu chaperekedwa kuchokera dzanja ili kupita ilo, ndipo yambani muli chiimire, sunthani, malizani muli chiimirenso.

Nanga ngati chiyankhulo chawo simukuchimva? Zimachitika kwambiri pa ntchito iyi. Phunzirani mawu ochepa ofunika, khalani ndi womasulira woti azikunong'onezani mwachidule kuti nkhani yalowera kuti, koma kwambiri muziwerenga matupi, mawu akakwera, anthu akasiya zomwe amachita, wina akaseka yekha. Ndipo musazimitse chifukwa choti simukumva. David ndi Judith MacDougall, omwe anajambula a Jie ku Uganda ndi a Turkana ku Kenya, anathandiza kwambiri kuzoloweretsa zoika mawu omasulira pansi pa chithunzi mmalo moti munthu wina wakunja azifotokoza pamwamba kuti anthu awa akuganiza zakutizakuti. Anthu akamadziyankhulira okha mumapeza kuti ali ndi nthabwala, miseche, nzeru, madandaulo a boma, ngati wina aliyense.

Mawu ndi theka la chithunzi

Woonera amakhululuka chithunzi chamdima koma mawu osamveka samawapirira ngakhale mphindi ziwiri. Mtundu wonsewu wa mafilimu otsatira anthu unakula cha mma 1960 chifukwa cha mawu, pomwe makamera opepuka a 16mm anakumana ndi makina onyamulika ojambulira mawu monga Nagra ya Stefan Kudelski, zinthu ziwirizi nkumayendera limodzi. Izi zisanabwere, anthu a mmafilimu otere kawirikawiri sankamveka akudziyankhulira okha.

Lamulo lalikulu ndi mtunda. Mukatalikira kawiri kuchokera pakamwa mawu amatsika ndi ma decibel 6, koma phokoso la msewu, mphepo ndi jenereta limakhala pomwepo. Palibe maiki yodula yomwe ingagonjetse maiki wamba yomwe ili pafupi. Ichi ndi chifukwa chinanso choyandikirira ndi lenzi yotambasuka. Maiki ya mkati mwa kamera ndi yongothandizira, pezani yaitali ija ya shotgun yoika pamwamba, muiveke chaubweya chotchinga mphepo, ndipo ngati nkotheka kamaiki kopanira pa malaya a munthu yemwe mukumutsatira. Jambulani pa 48 kHz, mawu okwera azifika chapa -12 dB, asagunde 0 chifukwa akaphwanyika saphwanyukanso. Mahedifoni mmakutu nthawi zonse. Ine ndinajambulapo kucheza kwa ola lathunthu waya atasololoka pang'ono, timizere ta pa sikirini tikuvina bwinobwino chifukwa timatola maiki ya mkati, mmene ndimamvera madzulo munali mphepo yokhayokha.

Musanachoke pamalo jambulani mphindi imodzi ya phokoso la malowo popanda woyankhula, mudzalifuna pomata mabala poedita. Wailesi ikamaimba kumbuyo pemphani mwaulemu kuti aitsitse ngati siili mbali ya nkhani, nyimbo imadukaduka paliponse pomwe mwadula, komanso ili ndi eni ake. Za kamaiki ka pamalaya kaja, anthu amaiwala kuti akavala, amapita kuseri nkumayankhula zawo. Auzeni poyamba pomwe, aonetseni pozimitsira, ndipo mukamva zoti sizinali zanu vulani mahedifoni.

Anthuwo

Chithunzi chabwino chimayamba masiku angapo kamera isanatuluke mchikwama. Pitani mukakhale nawo, thandizani kunyamula zinthu, funsani mafunso opusa, adziwe kuti ndinu ndani. Kenako tulutsani kamera muziyenda nayo ngakhale simukujambula, ana aigwire, akulu adzione pa sikirini, mpaka itasiya kukhala chachilendo. Masiku oyamba aliyense amachita zisudzo, amavala zapatchuthi, amayankhula ngati ali pa msonkhano. Zimatha zokha mukakhalitsa.

Chilolezo si siginecha ya pa pepala chabe. Fotokozani momveka kuti filimuyi ikaonetsedwa kuti, ndipo ngati ikupita pa intaneti anene okha kuti amvetsa zoti achibale, abwana awo ngakhale adani awo atha kuiona, ndipo ikakwera kuitsitsa nkovuta. Yemwe sawerenga mujambuleni akuvomera ndi pakamwa mutamufotokozera mchiyankhulo chake. Mtsogoleri wa dera akalola sindiye kuti aliyense walola. Ana amafunika chilolezo cha makolo komanso chawo. Ndipo munthu yemwe anavomera Lolemba ali ndi ufulu wokana Lachinayi. Pali zinthu zina, za chipembedzo, za matenda, za maliro, zomwe adzakuuzani kuti apa ayi, tsitsani kamera iloze pansi achite kuona kuti mwatsitsa.

Mbiri ya ntchitoyi ili ndi zipsera zake ndipo ndi bwino kuzidziwa. Robert Flaherty, mu filimu yake ya 1922 ya a Inuit a ku Hudson Bay ku Canada, anasintha dzina la mwini nkhani Allakariallak kukhala Nanook, anamuuza asake ndi mikondo pomwe anthuwo anali atayamba kale kugwiritsa mfuti, ndipo anamangitsa nyumba ya chipale yotseguka mbali imodzi kuti kuwala kulowe. John Marshall, yemwe anayamba kujambula a Ju/'hoansi ku Kalahari ali mnyamata mzaka za mma 1950, analumikiza maulendo angapo osaka nyamalikiti nkuoneka ngati ulendo umodzi, ndipo pambuyo pake iye mwini anasintha kajambulidwe, nkuyamba kutsata chochitika chimodzi kuyambira poyamba mpaka pothera. Mu 1965 Ousmane Sembène, wopanga mafilimu wa ku Senegal, anamuuza Rouch pamaso kuti azungu ojambula Africa amawayang'ana anthu ngati tizilombo tofufuzidwa. Mawu amenewo aziwawa aliyense wogwira kamera, ngakhale mukujambula anthu a mtundu wanu womwe, chifukwa yemwe wagwira kamera ndi kompyuta yoeditira ndi amene ali ndi mphamvu.

Koma Rouch yemweyo anasiya njira yabwino. Mu 1954 anabwerera ku Ayorou ku Niger kukaonetsa asodzi a Sorko filimu yomwe anawajambula akusaka mvuu. Iye anali ataikamo nyimbo kuti kusakako kumveke kochititsa chidwi. Asodziwo anakana, anati nyimbo imailimbitsa mtima mvuu, posaka pamafunika bata. Anaichotsa. Kuyambira pamenepo kubweza filimu kwa eni ake kunakhala mbali ya ntchito yake, ndipo inunso muzitero musanaitulutse, osati pongowalemekeza chabe koma chifukwa amaona zolakwika zomwe inu simungazione.

Nde muyeserere bwanji

Yambani ndi shoti imodzi ya mphindi zitatu yosadula, munthu akuchita chinthu chomwe chili ndi poyambira ndi pothera, kukonza tayala la njinga, kumeta mnzake, kuchapa. Osazumu, osafunsa funso, osamuuza chochita. Muyende nokha kufuna manja, nkhope, malo, zonse mkati mwa shoti imodziyo. Ulendo woyamba idzakhala yoipa, chitaninso ndi munthu wina. Mukaizolowera jambulani ntchito yaitali ya ola limodzi mmashoti osiyanasiyana nkuifupikitsa kufika mphindi zisanu. Kenako anthu awiri kapena atatu akucheza, izi ndiye zovuta kwambiri. Pomaliza munthu mmodzi tsiku lonse, kuyambira podzuka.

Chilichonse mwajambula muedite nokha, ngakhale cholinga chanu nkukhala wa kamera basi. Pulogalamu yoeditira ya DaVinci Resolve ili ndi mtundu waulere wokwanira bwino. Poedita ndi pomwe mumadzitukwana nokha, bwanji ndinazimitsa apa, bwanji palibe shoti yoonetsa kuti tili kuti, bwanji munthuyu sanatuluke mu fulemu kuti ndipeze podulira. Palibe mphunzitsi woposa manyazi amenewo, ulendo wotsatira manja amakumbuka okha.

Onereraninso ntchito za ena koma moonera mwa ntchito. Tsekani mawu, werengani kuti shoti iliyonse yatenga masekondi angati, dzifunseni kuti wojambula anaima pati ndipo anadziwa bwanji kuti aime pamenepo. Frederick Wiseman, yemwe anayamba mu 1967 kujambula mmasukulu, mzipatala ndi mmakhoti a ku America popanda wofotokoza kapena mafunso, ndi sukulu payekha pa nkhani ya kudikira. Safi Faye wa ku Senegal anajambula mudzi wa kwawo mzaka za mma 1970, muone kusiyana kwake munthu akamajambula anthu ake. Kim Longinotto wa ku Britain amagwira yekha kamera ndipo amadziwa kukhala pafupi ndi anthu pa nthawi zowawa popanda kuwapondereza. Mafilimu ambiri akale a ethnography amasungidwa ndi Documentary Educational Resources, bungwe lomwe Marshall ndi Timothy Asch anayambitsa mu 1968.

Ofuna sukulu yeniyeni, ku University of Manchester kuli Granada Centre for Visual Anthropology yomwe inayamba mu 1987. Ku Paris kuli Ateliers Varan, yomwe inakhazikitsidwa mu 1981 kuchokera pa maphunziro omwe Rouch ndi anzake anakachititsa ku Mozambique mu 1978, ndipo kaphunzitsidwe kawo nkoti umapatsidwa kamera nkumaphunzira pa zolakwa zako. Chikondwerero cha mafilimu a documentary cha IDFA ku Amsterdam chimachitika Novembala chaka chilichonse, ndi pabwino kuona zomwe anzathu akupanga pano. Koma sukulu zonsezi zidzakutumani kukachita zomwe ndalemba pamwambazi, nde musadikire kalata yokuitanani.

Kamodzi kokha za mafayilo, poti zimaliza anthu. Kamera yojambula pa 100 Mbps imadya pafupifupi 45 GB pa ola, werengerani makhadi ndi mabatire musananyamuke. Madzulo aliwonse koperani pa ma hard drive awiri osiyana, tsegulani mafayilo angapo muone kuti akusewera, kenako ndi pomwe mungafufute khadi. Ndipo lembani mkabuku tsiku, malo, maina a anthu ndi kalembedwe kake kolondola, chomwe chimachitika ndi chomwe munalonjeza. Pakatha miyezi itatu mutu sudzakumbuka kuti mayi wa nsalu yobiriwira uja anati nkhope yake isaoneke.

Kwa kalipentala uja ndinabwererako masiku ena anayi, ulendo uno nditakhala pa chitsa pakona, kamera pa bondo, osazungulira. Za bambo ake sanazinenenso ndipo sindinafunse. Nditamaliza kuedita ndinapita ndi laputopu kukamuonetsa mphindi zisanu ndi ziwiri za iye akupanga chitseko. Anaonera chete, manja kumbuyo, anyamata ake awiri akusuzumira pamapewa. Itatha anakanda chibwano.

"Mwajambula bwino mwana wanga. Koma chitseko chanuchi chigwa."

Ndinali nditaika shoti yopaka guluu pambuyo pa yokhoma, chifukwa kuwala kwake kumagwirizana bwino ndi shoti yotsatira. Anyamata aja anaseka mpaka kugwira mmimba. Anandiuza kuti Lachisanu akupanga china, ndifike 7 koloko isanakwane ngati ndikufuna kuona poyambira penipeni, posankha matabwa.